Kuopa dokotala wa mano watsopano: mafunso ndi mayankho

Pali anthu akuluakulu ndithu, ena mabwana pantchito, ena amayi oti anabereka ana asanu osaliritsa chipatala, koma ukangowauza kuti tiyeni kwa dokotala wa mano nkhope imasintha pompo. Ndiye zimanyanya dokotalayo akakhala wachilendo, kaya chifukwa mwasamuka, kaya amene munamuzolowera uja anachoka, kaya ndi koyamba kumene kukhala pampando umene uja. Mafunso ali m'munsimu ndi amene anthu amantha amafunsa kawirikawiri, ena amafunsa chonong'ona.

Ndine munthu wamkulu koma ndimanjenjemera ndikangoganiza zopita. Ndili bwinobwino ine?

Muli bwinobwino. Mantha amenewa ali ndi anthu ambiri dziko lonse lapansi ndipo madokotala a mano amawaona tsiku ndi tsiku. Tangoganizani mmene zimakhalira, akugonekani chagada, getsi likuwala kumaso, kamwa yasa, munthu wosamudziwa walowetsa zitsulo m'kamwa ndipo simungathe ngakhale kuyankhula kuti "aaa dikirani". Thupi lililonse likhoza kudandaula. Ambiri chimene amaopa kwenikweni si ululu ayi koma kusowa mphamvu kumeneko, kuti chilichonse chimene chichitike iwo alibe chonena. Nkhani yabwino ndi yoti mbali imeneyi ndi imene imakonzeka mosavuta, tifikako.

Nanga bwanji mantha amakula dokotala akakhala watsopano?

Chifukwa simukudziwa dzanja lake, komanso iye sakudziwa mbiri yanu. Wakale uja ankadziwa kuti inu mumafuna kupuma pakatikati, kuti jakisoni mmodzi sakukwanirani, ndipo inu munkadziwa kuti akati "kangotsala pang'ono" ndiye kuti katsaladi pang'ono. Kwa watsopano zonsezi muyambira pa ziro. Komanso ambirife kwa dokotala wa mano sitipita kukangoonetsa, timapita dzino litatigoneka masiku angapo osagona, tsaya litatupa, panado atakanika. Ndiye mukukumana ndi munthu wachilendo pa tsiku loipitsitsa, dzinolo lili pa siteji yoti ntchito yake ndi yovuta, ndipo mukatuluka mumasunga mumtima kuti kwa dokotala wa mano ndi kowawa, kenako mumakhalanso zaka osapita mpaka dzino lina lifike pomwepo. Mantha amadzidyetsa okha choncho.

Ngati pano palibe dzino likukupwetekani, ino ndi nthawi yake yokadziwana ndi dokotala watsopanoyo.

Ndingadziwe bwanji kuti ndi wabwino ndisanapite?

Funsani anthu, koma muzifunsa amantha anzanu. Munthu wolimba mtima angokuuzani kuti "ali bho", pomwe wamantha akuuzani zenizeni, kuti anafotokoza kapena ayi, anadikira dzanzi ligwire kapena anangoyamba, anakalipa kapena ayi. Ngati ndi kiliniki ya pulayiveti imbani foni kaye ndipo munene poyera kuti ndinu munthu wamantha, mumve mmene a pa risepushoni ayankhire. Akayankha mokuseka mwadziwiratu.

Ku Malawi aliyense wogwira ntchito ya mano ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo si mwano kufunsa kapena kuyang'ana satifiketi pakhoma. Dziwaninso kuti amene timangowatcha adokotala a mano si onse ali pa mlingo umodzi. M'zipatala zambiri za m'maboma mupeza ma dental therapist, ambiri ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo kuzula, kumata ndi kutsuka mano ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, ena dzanja lawo ndi lopepuka kwambiri chifukwa cha kuchuluka kwa mano amene agwira. Zovuta kwambiri amatumiza ku zipatala zazikulu, Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Mzuzu Central kapena Zomba Central. Madokotala a digiri ya mano ndi ochepa ndithu m'dziko muno, kwa zaka zambiri ankaphunzira kunja, maphunziro a digiriyi anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ili mu Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi University of Glasgow.

Amene muzimuthawa ndi wozula mano kumsika kapena kuseri kwa nyumba, ngakhale mtengo wake ukhale wokoma bwanji.

Ndiwauze kuti ndikuopa? Sandiona ngati mwana?

Auzeni, ndipo chikhale chinthu choyamba kunena musanakhale n'komwe pampando. Musangoti "ndimaopa", nenani chimene mumaopacho chifukwa chilichonse chili ndi mankhwala ake. Mwachitsanzo:

"Adokotala, ndisanakhale ndikuuzeni, ine ndimaopa kwambiri jakisoni. Nthawi ina anandizula dzanzi lisanagwire. Chonde muzindiuza chimene mukufuna kuchita musanachite, ndipo ndikakweza dzanja muyime kaye."

Za dzanjazi musaziphonye. Gwirizanani kuti mukakweza dzanja ayima, ndipo likhale dzanja la mbali imene dokotala sanakhale kuti musamugunde ali ndi chitsulo m'kamwa mwanu. Ena amayesa dala kumayambiriro, kukweza dzanja pasanachitike chilichonse chowawa, kungofuna kuona ngati ayimadi. Ine ndimati palibe cholakwika, mukaona kuti wayimadi theka la mantha limachoka pomwepo. Chimene musachite ndi kugwira dzanja la dokotala kapena kutembenuza mutu mwadzidzidzi, pamenepo ndi pamene munthu amavulala.

Ngati mawu amakuthawani mukafika, lembani pakapepala kapena mufoni mungowapatsa awerenge. Amene muli ku Joni kapena ku UK ndipo mukuona kuti chizungu chikuthawani mukapanikizika, chitani zomwezo, lemberanitu kunyumba.

Ulendo woyamba chimachitika n'chani kwenikweni?

Nthawi zambiri ndi mafunso, kuyang'ana, mwina X-ray. Akufunsani za matenda amene muli nawo ndi mankhwala amene mukumwa, ndiye tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwalawo. Kenako akuyang'anani ndi kagalasi kakang'ono kozungulira ndi kachitsulo kosongoka kamene amakhudzira mano, kachitsuloko kamaoneka koopsa koma si kobayira, ndi kofufuzira pamene pabooka. Akhoza kugogoda dzino pang'ono kapena kuliyika chozizira kuti adziwe lomwe likuvuta, chifukwa dzino limanama, mukhoza kuloza la m'munsi pomwe lodwala ndi la m'mwamba. X-ray sipweteka, chosowetsa mtendere ndi kakhadi kamene amakuyikani m'kamwa kwa masekondi ochepa.

Ku pulayiveti muli ndi ufulu wonena kuti lero mungoyang'ana basi, ntchito tidzapange tsiku lina. Ku chipatala cha boma mzere umakhala wautali ndiye nthawi zambiri amafuna kumaliza lomwelo, komabe palibe amene ayenera kukuzulani dzino inu musanavomere.

Jakisoni uja. Ndiuzeni zoona, amapweteka bwanji?

Zoona zake ndi zoti mumamumva, sindikunamizani. Pamakhala kutsina singano ikamalowa, kenako kuwawa kapena kuthina kwa masekondi angapo mankhwala akamalowa mu nkhama. Chimene chimawawa kwambiri nthawi zambiri ndi mankhwalawo akamakankhidwa mothamanga, singanoyo ndi yowonda kuposa imene amatengera magazi pamkono. Ndiye dokotala akamabaya pang'onopang'ono mpaka inu kumaona ngati akuchedwa, dziwani kuti akukuchitirani zabwino. Jakisoni wa kumwamba kwa kamwa, m'kati uko, ndi amene amaluma kuposa enawo chifukwa mnofu wake ndi wothina, koma naye ndi wa masekondi.

Malo ena ali ndi jelo amene amapaka pa nkhama kuti pachite dzanzi asanabaye, funsani ngati alipo. Musayang'ane sirinji, imaoneka yaikulu chifukwa cha chitsulo chogwirira, tsinzinani basi ndipo muzitulutsa mpweya pang'onopang'ono ngati mukuuzira phala la mwana.

Mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi lidocaine, ena amati lignocaine, ndipo akhala akugwira ntchito kuyambira m'ma 1940, si zoyeserera. Nthawi zambiri amasakaniza ndi adrenaline pang'ono kuti dzanzi likhalitse komanso magazi asatuluke ambiri, ndiye anthu ena akangobayidwa mtima umathamanga, manja kunjenjemera. Wamantha amaganiza kuti basi ndikufa, mankhwala andikana. Zimatha pakapita mphindi zochepa, komabe nenani kuti dokotala adziwe. Dzanzi la mlomo ndi lilime limatha kukhala maola awiri mpaka anayi, mumamva ngati mlomo watupa kufika uko koma mukayang'ana pagalasi uli bwinobwino.

Nthawi ina anandibaya koma ndinamva ululu wonse. Zidzachitikanso?

Funso ili ndi lofunika ndipo anthu amene zinawachitikira asamauzidwe kuti "ndi mantha chabe". Zimachitikadi, pa zifukwa zodziwika. Dzino limene lili ndi mafinya kapena mtsempha wake watupa kwambiri limavuta kugwira dzanzi. Mano akuluakulu a m'munsi nawo ndi ovuta chifukwa fupa la nsagwada ya m'munsi ndi lolimba, dokotala amayenera kubaya kumbuyo pafupi ndi mtsempha waukulu ndipo mtsemphawo sukhala malo amodzimodzi mwa anthu onse, nthawi zina amauphonya. China ndi changu, mankhwala amafuna mphindi zingapo kuti agwire, pomwe panja pali mzere.

Uzani dokotala watsopanoyo nkhani yonseyo. Asanayambe ayenera kuyesa, kukhudza nkhama ndi kachitsulo n'kufunsa ngati mukumva kubaya. Mukamva nenani, musachite manyazi kapena kuopa kuti muwachedwetsa, akhoza kudikira kapena kuwonjezera jakisoni wina. Kupirira mwakachetechete kuti muoneke olimba mtima ndi kumene kumakusiyirani mantha a zaka khumi.

Pozula ndimva chani?

Kukankha, kugwedeza, ndi phokoso. Jakisoni amachotsa ululu koma sachotsa kumva kuti chinthu chikukankhidwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, akangomva mphamvu amakuwa kuti dzanzi silinagwire. Dzifunseni, kodi ndi chobaya chakuthwa kapena ndi kulemera chabe? Chakuthwa kwezani dzanja. Kulemera ndi kwabwinobwino. Dzino silikokedwa molunjika ngati mmene anthu amaganizira, amaligwedeza uku ndi uku kuti bowo lake likule, ndipo mumamva ngati kuthetheka m'khutu chifukwa phokoso limadutsa m'fupa. Dzino lowola kwambiri limatha kuduka, dokotala n'kutulutsa mizu payokhapayokha, izi sizitanthauza kuti walakwitsa.

Ndikapita angondizula basi? Sindikufuna magweru.

Osati nthawi zonse. Bowo likakhala laling'ono amachotsa powola n'kumata, nthawi zina ntchito yosakwana ola. Likafika pa mtsempha pali root canal, amatsuka m'kati mwa mizu n'kutseka, dzino n'kukhalabe, koma imafuna maulendo angapo, ndalama zambiri, ndipo sipezeka paliponse. Kunena zoona m'zipatala zambiri za boma kuzula ndi kumene kumachuluka, mbali ina chifukwa zipangizo zomatira zimasowa, mbali ina chifukwa anthufe timafika dzino litatha kale. Funsani momveka: "Kodi dzinoli lingapulumuke? Ngati kuno sizingatheke, ndi kuti kumene zingatheke?" Yankho likhoza kukhala loti ayi, koma mulimve musanatsegule kamwa.

Mano anga ndi oipa kwambiri, m'kamwa mumanunkha, ndikuchita manyazi.

Awa ndi mantha amene anthu sawatchula, amanamizira jakisoni. Munthu amene ntchito yake ndi kuyang'ana m'kamwa mwa anthu tsiku lonse waona zoposa zanu, zitsa zokhazokha, mafinya, nkhama zotuluka magazi. Wavala masiki ndi magolovesi, ndipo m'mutu mwake akuwerenga zoti ayambire pati. Tsukani m'kamwa musanapite basi, musachite kukwecha mpaka magazi kuti mubise zaka zisanu m'mawa umodzi, sizibisika. Mukhoza kunena kuti "ndikudziwa kuti ndachedwa, chonde musandikalipire, ndabwera kuti mundithandize". Fungo lenilenilo nthawi zambiri limachokera ku nkhama zodwala ndi zokakamira zolimba za m'mbali mwa mano zimene mswachi sungachotse, ndipo zimachoka akakutsukani ndi makina.

Ndinamva kuti kuzula dzino la m'mwamba kumawononga maso, ena akuti munthu amatha kufa. Zoona?

Za maso ndi bodza, mitsempha yoonera ndi ya mano ndi yosiyana. Chimene chingafike kufupi ndi diso ndi mafinya a dzino la m'mwamba limene lasiyidwa osathandizidwa, ndiye nkhaniyi anthu anayitembenuza. Za imfa nazo, mukafufuza nkhani zambiri za "anamwalira atazulidwa dzino" mupeza kuti munthuyo anafika matenda atafalikira kale kukhosi kapena m'magazi, kapena anali ndi matenda ena amene sananene. Wozulayo amangokhala womaliza kumugwira.

Palinso ya tinyongolotsi ta m'dzino timene ena amati amatulutsa ndi utsi kapena mankhwala. Mulibe nyongolotsi m'dzino. Limabooka chifukwa tizilombo tosaoneka ndi maso timadya shuga wotsalira n'kutulutsa asidi amene amasungunula dzino pang'onopang'ono. Ndipo chonde, asipirini osamuyika padzino, amawotcha nkhama n'kusiya chilonda choyera. Asidi wa batire, mafuta a mabuleki, petulo, zonsezi anthu amayika chifukwa choopa chipatala, kenako amafikabe ku chipatala komweko ali ndi mavuto awiri.

Zida zawo zimakhala zoyera? Ndimaopa kutengerako matenda.

Funso labwino ndipo muli ndi ufulu wofunsa. Singano ndi kabotolo ka mankhwala a dzanzi ndi za munthu mmodzi, zikatha ntchito zimatayidwa. Zitsulo zimatsukidwa kenako n'kuphikidwa mu makina otchedwa autoclave, a nthunzi yotentha madigiri 121 kapena 134, imene imapha HIV, hepatitis B ndi tizilombo tina. Inu yang'anani zinthu zosavuta, wasintha magolovesi? Zitsulo zachokera mupaketi yomata kapena muthireyi yovindikira, kapena zinali pambalambanda? Ngati chinachake sichikukusangalatsani funsani mwaulemu, wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limeneli.

Ndili ndi BP, shuga, ndimamwa ma ARV, kapena ndine woyembekezera. Ndingapite?

Mungapite, bola munene zonse. A BP imwani mankhwala anu monga mwa masiku onse tsikulo, akayeza n'kupeza yakwera kwambiri akhoza kukuuzani mukhale kaye pansi kapena mubwere tsiku lina, ndipo mantha omwewo amakweza BP ndiye musadabwe. A shuga idyani, imwani mankhwala, pemphani nthawi ya m'mawa, ndipo dziwani kuti bala limachedwa kupola shuga akakhala wosalongosoka. Ma ARV si chifukwa chokubwezerani, nenani kuti asakupatseni mankhwala osagwirizana nawo. Amene mumamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin kapena asipirini wa tsiku ndi tsiku nenani musanazulidwe, koma musasiye kumwa panokha. Chimodzimodzi a vuto la mtima, sickle cell, khunyu, mphumu, ndi aliyense amene mankhwala ena monga penicillin anamuwenga.

Amayi oyembekezera, zoti simungathandizidwe mano mpaka mutachira si zoona. Jakisoni wa dzanzi amaperekedwa, ndipo mafinya osiyidwa ndi amene ali oopsa. Miyezi yapakati, wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi, ndi imene mumakhala bwino pampando, koma zadzidzidzi sizidikira mwezi. Pa ululu panado, bulufeni musamwe popanda kuuzidwa ndi achipatala.

Tsikulo ndichite chani kuti mtima ukhale m'malo?

Idyani. Anthu ambiri amapita ndi njala chifukwa cha mantha kenako amachita chizungulire kapena kukomoka akangobayidwa, n'kumati mankhwala ndi oipa. Pokhapokha ngati akuuzani kuti adzakugonetsani, pamenepo mutsatire zimene anena. Khofi ndi ma energy drink siyani, mtima ukuthamanga kale. Sankhani m'mawa kuti musakhale tsiku lonse mukuganiza, ndipo pitani ndi munthu wodekha, osati mnzanu uja amene ali ndi nkhani khumi za anthu amene anavutika pozula. Pamzere napo pamakhala akatswiri ofotokoza zoopsa, valani mahedifoni.

Mahedifoniwo amathandizanso pa phokoso la makina oboolera, ingopemphani kaye ndipo khutu limodzi likhale lomva. Pampando, onani manja anu, mupeza mwafinya chogwirira mpaka zala kuyera, mapewa ali m'makutu. Masulani, pumirani m'mphuno, kutulutsa mpweya kuzitenga nthawi yaitali kuposa kukoka. Amene mumamva mseru chinthu chikangofika kumbuyo kwa lilime nenani, kupumira m'mphuno kumathandiza, ena amakweza phazi limodzi m'mwamba pang'ono kuti maganizo apite kumwendo, zimaoneka zoseketsa koma zimagwira. Madzi akadzadza m'kamwa simutsamwa, pali kapaipi koyamwa, ndipo mukhoza kukweza dzanja kuti mulavule.

Sangangondigonetsa kuti ndisamve chilichonse? Kapena ndimweko kaye kamowa?

Mowa ayi. Umawonjezera kutuluka magazi, sugwirizana ndi mankhwala ena, ndipo dokotala akamva fungo akhoza kukubwezani. Mapiritsi ogonetsa a mnzanu nawonso ayi.

Zokhazika mtima pansi zilipo, mpweya wa nitrous oxide, mapiritsi olembedwa ndi dokotala, kapena mankhwala a mumtsempha, koma sizipezeka paliponse ndipo zimafuna wokuperekezani. Kugonetsa kwenikweni kwa ku fiyeta amasungira ntchito zikuluzikulu, ana ena, ndi anthu amene sizingatheke mwanjira ina, chifukwa kuli ndi zoopsa zake zoposa jakisoni wa m'kamwa. Komanso mukadzuka mantha aja amakhala alipobe. Ngati mantha anu ndi ofika posagona, kulira, kubwerera pageti, kapena akukhudzana ndi nkhanza zimene munachitiridwapo, kukambirana ndi mlangizi wa zamaganizo kumathandiza kwambiri, ndipo njira yake nthawi zambiri ndi kuzolowera pang'onopang'ono, lero kungokhala pampando, ulendo wina kuyang'ana, wina kutsuka.

Ine mantha anga ndi bilu.

Funsani mtengo asanayambe, ndipo ngati ntchito ndi yambiri akulembereni papepala, chofunika msanga chiti, chodikira chiti. Simukakamizidwa kupanga zonse mwezi umodzi. Ku zipatala za boma chithandizo wamba ndi chaulere, za mishoni amalipiritsa koma nthawi zambiri motsikirapo kuposa pulayiveti. A MASM ndi ma sikimu ena imbani kaye mumve zimene sikimu yanu imalipira pa mano, musadzadabwe pa kauntala. Dokotala watsopano akakupezani ndi mano asanu ndi atatu ofunika kumata pomwe inu simumva kalikonse, pemphani akuonetseni pa X-ray kapena pagalasi, ndipo kukafunsa kwina si kulakwa.

Mwana wanga ndi amene akupita koyamba. Ndimukonzekeretse bwanji?

Choyamba siyani kumuopseza ndi jakisoni akalakwa, "ukapanda kudya ndikakubayitsa" uja ndi amene amabala akuluakulu amene akuwerenga tsamba lino. Musamunamize kuti tikupita kukagula zovala, ndipo musanene kuti "sizipweteka" iye asanafunse, mwamupatsa kale ganizo. Ingomuuzani kuti adokotala akawerenga mano ake ndi kagalasi. Ngati inuyo ndi amantha kwambiri apite ndi wina, ana amawerenga nkhope. Akabayidwa muyang'anireni asamalume mlomo wadzanziwo, ana amautafuna mpaka chilonda.

Kanthu kena kamene makolo ambiri sadziwa: pa zaka 6 kumbuyo kwa mano a mkaka kumamera dzino lalikulu lokhalitsa popanda lina kuguluka. Ambiri amaliyesa la mkaka n'kulisiya liwole poganiza kuti limeranso. Silimeranso.

Nanga dokotalayo akakhala waukali, wosamva?

Kusayankhula kwambiri si nkhanza, ena ndi ofatsa chabe kapena atopa, ndipo dzanja lawo ndi labwino. Koma amene akukunyozani, kapena mwakweza dzanja iye n'kupitiriza ngati sanaone, ameneyo musabwerereko ngati muli ndi kwina kopita. Ngati ntchito sinayambe mukhoza kunyamuka. Ngati dzino lili pakati pozulidwa ndi bwino limalizidwe, pemphani jakisoni wina ndi kupuma pang'ono. Dandaulo mukhoza kukapereka kwa akuluakulu a chipatalacho, m'zipatala za boma muli ofesi ya ombudsman wa chipatala, ndipo nkhani zikuluzikulu zimapita ku Medical Council.

Dzino lasiya lokha kupweteka. Ndiye basi ndisapite eti?

Apa ndi pamene amantha timakondwera msanga. Dzino limene linapweteka koopsa kenako n'kungoti zii nthawi zambiri ndiye kuti mtsempha wake wafa, tizilombo tikadali momwemo ndipo tikutsikira kumuzu. Pakapita masabata kapena miyezi pamabwera chotupa. Ma antibiotic ogula pa famase amangoziziritsa kwa kanthawi, gwero likadalipo. Pitani panopa pamene silikupweteka, ndi nthawi imenenso dzanzi limagwira bwino.

Koma mukaona izi musadikire apointimenti kapena kuti kuche: kutupa kumene kukufalikira pansi pa chibwano, kukhosi kapena kudiso, kulephera kumeza kapena kutsegula kamwa, kupuma movutikira, kutentha thupi ndi kufooka. Pitani ku chipatala nthawi yomweyo ngakhale usiku, kutupa kwa pansi pa lilime kumatha kutseka njira ya mpweya.

Akandizula, kunyumba ndikatani kuti zisavute?

Lumani thonje limene akupatsani kwa mphindi pafupifupi 30, molimba, osamayankhula kapena kulisuzumira. Tsiku loyambalo osachukucha, osalavulalavula, osamwera sitiro, osaika lilime kapena chala pabowopo, chifukwa magazi amene aundana pamenepo ndi amene akutseka bala. Akachoka fupa limakhala poyera ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu pamabwera ululu woposa wa dzino lija, ndi fungo, achipatala amati dry socket. Osuta fodya ndi amene zimawagwera kwambiri ndiye pirirani masiku angapo. Zikachitika bwererani, amatsuka n'kuyikapo mankhwala, ululu umatsika msanga.

Imwani mankhwala a ululu dzanzi lisanatheretu. Idyani zofewa zosatentha, phala lozizirirapo, nthochi, mbatata yophika, ndipo tafunirani mbali inayo. Kuyambira tsiku lotsatira chukuchani pang'onopang'ono ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono mukatha kudya, mano enawo tsukani ngati kale. Malovu ofiirira tsiku loyamba ndi abwinobwino, koma magazi akamatuluka ndithu lumani kansalu koyera kopinda kwa mphindi 30 zina mutakhala tsonga, akapanda kusiya bwererani ku chipatala.